Alfa yofiira ndi jenereta yopanda dizilo

Sabata ino yonse yathera pa galimoto imodzi, Alfa Romeo 1750 GTV ya 1969, ndipo pofika Loweruka inali yoipa kuposa mmene inalili Lolemba. Yakhala m'galaja mwathu kuno ku Johannesburg kuyambira chaka chatha. Mwini wake ndi bambo wina wachikulire wa ku Pretoria, akufuna akaionetse ku Cars in the Park, chionetsero cha magalimoto akale chimene chimachitikira ku bwalo la mipikisano ya magalimoto la Zwartkops mu Ogasiti. Bwana wathu analonjeza tsikulo osafunsa ndi mmodzi yemwe wa ife ogwira chitsulo, ndiye chilichonse chakhala chaphuma kuyambira pamenepo.

Amene simunaigwirepo galimoto imeneyi musanyengeke ndi kuchepa kwake. Maonekedwe ake anajambula ndi Giorgetto Giugiaro akadali mnyamata ku kampani ya ku Italy ya Bertone, ndipo yoyamba ya mtunduwu inatuluka mu 1963. Kuno zimapezeka ndithu, poti Alfa ankamanga magalimoto konkuno, ku Rosslyn kenako ku Brits, mpaka 1985. M'mbali mwake ndi mosalala, muli mzere wakuthwa wochoka kutsogolo mpaka kumbuyo, ndipo ukangoupotoza pang'ono ndi sandipepala, penti ikanyezimira imakuulula munthu akadali patali. Ilibenso chasisi chapadera. Thupi lomwelo ndilo limanyamula injini, anthu ndi zonse, kotero dzimbiri likadya ma sill, zitsulo za m'munsi mwa zitseko, galimoto yatha, ngakhale pamwamba iwale bwanji.

Ntchito ya chitsulo tinamaliza kalekale, ndipo imeneyo ndimayenda nayo modzitama. Titachotsa penti yakale tinapeza zomwe mukuzidziwa kale: pansi pa zitseko filler, phala lija lotsekera maenje pa chitsulo, wokhuthala chala chathunthu, kuseri kwake waya wa khola la nkhuku ndi nyuzipepala yowola. Sill ya magalimoto amenewa ili ndi zitsulo zitatu, chakunja, chapakati ndi chamkati, koma mmisiri wakaleyo anangophimba chakunjacho, ziwiri zinazo nkuzisiyira dzimbiri. Tinapingasa zitsulo pamalo a zitseko kuti thupi lisapindike, nkudula zonse zowola, pansi popondapo, poikira jeke, dzenje la tayala la sipeya ndi m'munsi mwa madigadi. Wowotcherera wathu ndi a madala ena a ku Tete, omwe timalankhula nawo Chinyanja bwana akamakalipa m'Chingerezi. Anawotcherera kadontho apa, kena uko, nkudikira chizizire, chifukwa chitsulo chake nchopyapyala, sichikwana milimita imodzi. Zitseko zikutsekeka ndi chala chimodzi tsopano, mpata wake wofanana kuchoka pamwamba mpaka pansi.

Lolemba mpaka Lachitatu kunalibe chachilendo. Guide coat, kapenti kopyapyala koonetsa pamene sipanasalale, buloko lalitali lopalira, sandipepala wa P320 kenako P500, kupukuta, kumata mapepala ndi tepi. Pakatipo panalowa bampala ya bakkie (pikiapu) ya a inshuwalansi ndi chitseko cha taxi chimene mwini wake anaima pakhomo mpaka chinatha. Kuzizira kwa Julayi kuno mukukudziwa, m'mawa madzi a m'ndowa amagwira ayezi pamwamba, ndiye booth, chipinda chopoperamo penti, imayenera kutenthetsedwa mpaka madigiri 20 munthu usanaganize zosakaniza penti.

Lolemba lomwelo ndinauza kapitawo kuti mafyuluta a kudenga la booth atseka ndi fumbi, komanso kuti jenereta ikufunika dizilo. Sindinanene mongolota. Dera lathu lino akuba amakonda kudula ma cable a magetsi, ndipo akadula sikukhala ndandanda yokuchenjeza kuti tithimitsa nthawi yakuti. Kapitawo analemba pakapepala nkuika m'thumba la ovolosi. Za masiki ya paipi ya mpweya, imene imakubweretsera mpweya woyera wopuma, sindinatchule nkomwe, ndatopa nazo. Chaka chonse yankho limakhala lomwelo: "Mwezi wamawa." Ndimapopera 2K, penti yosakaniza ndi mankhwala oilimbitsa otchedwa hardener, nditavala kamasiki ka makatiriji awiri, ndipo makatirijiwo amasinthidwa ukalira kokwanira. Koma mutapita kuofesi mukapeza mipando yatsopano yachikopa ndi makina a khofi, akuti makasitomala a magalimoto odula azimva kukoma akamadikira.

Lachinayi ndinafika kusanache. Ndinatsira madzi pansi mu booth, kuyatsa chotenthetsera, kupukuta thupi lonse ndi degreaser yochotsa mafuta kenako tack rag, kansalu komata kotola fumbi. Mwini wake anakana za basecoat ndi clear, penti ya mtundu yokutidwa ndi ina yonyezimira yopanda mtundu, akuti galimoto za m'zaka zimenezo sizinkawala choncho, ndiye tinagwirizana za 2K yolunjika, yofiira ya Rosso Alfa. Ndinagwirizana naye ndi mtima wonse. Yofiira ndi penti yodula, imavuta kuphimba, koma pa thupi limeneli imakhala bwino zedi. Ndinasakaniza magawo awiri a penti ku limodzi la hardener, thinner pang'ono woisungunula, nozulo ya 1.3, mpweya pa 2 bar. Koti yoyamba inagona bwino mosadontha paliponse. Ndinadikira mphindi 10, ndinakhudza pa tepi, ndinaona kuti yagwira, ndinayamba yachiwiri, yonyowa ija imene imapereka kuwala.

Denga ndinamaliza, mbali yakumanzere ndinamaliza, ndinazungulira kumbuyo. Ndili pakati pa digadi lakumbuyo kumanja, dzanja likuyenda bwinobwino, magetsi anangoti phethi. Mdima bii. Mafani anazungulira pang'onopang'ono nkuti zii.

Amene mumapopera mukudziwa chimene chimachitika m'masekondi amenewo. Nkhungu yofiira yonse imene fani imayenera kukokera pansi inangoima m'mwamba, ilibe kopita. Gani yopopera penti inali ikadali ndi mpweya wa m'thanki ya kompuresa, koma ungapopere chiyani osaona? Ndinaima chilili, paipi nditaikweza paphewa kuti isakhudze penti, kuopa kusuntha phazi chifukwa galimoto inali pafupi ndi bondo langa. Foni sindilowa nayo mu booth, ndipo nyali yodzayaka magetsi akathima mulibe, inafa chaka chatha. Ndinamva mnyamata wathu wophunzira ntchito akuthamanga panja, kenako jenereta ikukhosomola. Inalira. Nyali zinayaka mofiirira, fani inayamba kukoka, mtima unakhala pansi pang'ono. Sipanathe ndi mphindi imodzi yomwe, inazima.

Thanki ya jenereta inali gwaa. Ndinamva pambuyo pake kuti dizilo wotsala uja anamupopa sabata yatha kuika mu galimoto yokokera zowonongeka, mwa lamulo la bwana yemweyo, akuti adzabweza.

M'katimo fungo la thinner linayamba kulowa m'masiki, maso akuwawa, kukhosi kukukanda. Vuto la hardener ya 2K ndi poizoni wake wotchedwa isocyanate, ndipo imeneyo siichenjeza ndi fungo. Ukamamva thinner ndiye kuti zambiri zalowa kale. Ndinayamba kupapasa khoma kufuna kachitseko kakang'ono, pang'onopang'ono, nsana uli kukhoma. Mnyamata uja ataona kuti sindikutuluka anachita mantha, anakatsegula zitseko zazikulu zonse ziwiri uku akukuwa. Ndinatuluka, inde. Koma mphepo yozizira ya m'galaja inalowa ndi fumbi lonse la filler limene anzathu amapala mbali inayo, nkukatera pa penti yaiwisi. Mnyamatayo sindimuimba mlandu ngakhale pang'ono. Anaona munthu ali m'kati mwa utsi, anachita zimene mwana woleredwa bwino amachita.

Nkhungu itatha tinalowa ndi tochi, ine ndi a madala. Denga lija, limene mphindi zochepa zapitazo umadziona nkhope, linali litayera ngati mutu wa munthu wochokera kuchigayo. Ukayang'ana mopendeka umaona tinthu timbirimbiri titamira theka mu penti, tina toyera, tina tofiira touma. Pa digadi panali mzere woonekeratu pamene gani inaimira, mbali iyi yonyowa, mbali iyo yokhakhala. Pansi pake penti inali itatsetsereka, dontho lalitali litalendewera pamwamba pa malo a tayala, pomwe a madala anataya masabata akuwongola ndi hamala. Anayang'ana nthawi yaitali osalankhula, kenako anati, "Achimwene, tulukani mukamwe mkaka, izi zatha kale." Mkaka suchotsa kanthu m'mapapo, tonse tikudziwa, koma ndinamwa chifukwa anagula ndi ndalama yawo. Penti yotsala m'chitini, yosakaniza kale, inalimba tikuyang'ana. Magetsi anabwera m'mawa wa tsiku linalo.

Usiku umenewo sindinagone. Chifuwa chinayamba kuthina cha m'ma 11, kupuma kukulira mluzu, mayi a kunyumba akundifunsa ngati aitane galimoto. Umu ndi mmene mankhwala amenewa amachitira, masana umaoneka wabwinobwino, usiku nkukugwira. Ndaona amisiri abwino atasiya gani chifukwa cha mphumu yoyambira mu booth, ndipo ikakugwira kamodzi, ngakhale kafungo kochepa kamakugwetsa. Lachisanu m'mawa ndinadzera kukiliniki, anandipatsa kopopera m'kamwa nkundiuza kuti nditalikirane ndi penti masiku angapo. Nesi anafunsa mtundu wa masiki imene ndimavala, nditamuuza anangopukusa mutu.

Nditafika kuntchito bwana anali ataima mu booth manja ali m'chiuno. Sanafunse za chifuwa. Funso lake linali lakuti bwanji ndinayamba kupopera osaona kaye jenereta, ndipo bwanji sindinamalize mbali yotsalayo ndi mpweya wa m'thanki. Mumdima! Kenako anati mtengo wa penti yotayika adula pa malipiro anga ndi a mnyamata uja, theka theka.

Apa ndiye ndinapsa mtima. Ndinaitana kapitawo, ndinati, "Bwana kapitawo, tulutsani kapepala ka Lolemba kaja." Anazengereza, koma kanali m'thumba momwemo, kopindika, kodetsedwa ndi girisi, mawu akuti dizilo akuoneka bwinobwino. Ndinauza bwana kuti lamulo la dziko lino, Basic Conditions of Employment Act ya 1997, gawo 34, silimulola kudula malipiro a munthu pa zowonongeka pokhapokha ngati wolakwa ndi wantchitoyo, wapatsidwa mpata wodziteteza, ndipo wavomera molemba. Ngakhale zitatero sangadule kuposa gawo limodzi mwa magawo anayi a malipirowo. Ndinawonjezera kuti Occupational Health and Safety Act ya 1993 imati zodzitetezera pantchito ndi udindo wa wolemba ntchito, ndipo ngati akufuna tikakambirane ku MIBCO, bungwe la mabwana ndi antchito a za magalimoto, kapena ku CCMA, koweruzira madandaulo a pantchito, ine mapepala anga ali bwinobwino, tikhoza kupita limodzi pa galimoto yake.

Mawu omalizawo ndinawanena dala. Mabwana ambiri kuno amadalira kuti Mmalawi sadandaula, amaopa kuti nkhani ikakula ifika pa ziphaso. Amatikonda chifukwa chomwecho, amatitcha anthu aulemu, olimbikira. Anzathu ambiri m'magalaja a kuno amadulidwa ndalama pa sandipepala, pa tepi, pa galasi losweka ndi munthu wina, nkungoti zikomo bwana. Bwana wathu anafiira nkhope, analankhula zambiri za mmene bizinesi yavutira, za lendi, za mtengo wa penti yochokera kunja. Zina mwa izo nzoona, sindikana. Koma dizilo wa m'zigubu ziwiri sangafanane mtengo ndi malita a Rosso Alfa amene tataya, osawerengera masiku amene tibwereze ntchito. Za kudula malipiro sanazitchulenso. Kupepesa sanapepese.

Chimene chinandiwawa kwambiri chinabwera madzulo. Ndinamumva pafoni akuuza mwini galimoto kuti pachedwa pang'ono chifukwa wopenta sanakhutire ndi koti yoyamba, akufuna abwereze kuti ikhale yapamwamba. Bodza lokoma, loti kasitomala asangalale kuti galaja ili ndi anthu osamala. Za jenereta sizinatuluke. Ndipo tsiku la ku Zwartkops silinasunthe, kutanthauza kuti nthawi imene penti imafunika kuti ikhwime tisanaipale ndi P1500 ndi P2000 nkupolisha, ndiyo idyedwe. Ukapolisha 2K isanakhwime, pakapita milungu imafota, mikwingwirima ya sandipepala nkuonekera, ndipo anthu a ku chionetsero akamaweramira digadi sadzafunsa dzina la mwini galaja, adzafunsa kuti anapenta ndani.

Loweruka tinawotcha penti yowonongekayo pa madigiri 60 kuti ilimbe, kenako tinayamba kuipala. Ine ndinagwira mbali ya madzi, kutali ndi fumbi, a madala ndi mnyamata uja akupala denga. Dontho la pa digadi ndinalimeta ndi lezala pang'onopang'ono ndisanaikepo buloko, ndipo mwamwayi sitinaboole mpaka pa epoxy, penti yapansi yoteteza chitsulo, mzere wa Giugiaro uli chilili. Zigubu ziwiri za dizilo zafika, zaikidwa pakona ndi loko, kiyi ali ndi bwana. Mafyuluta akuti abwera Lachiwiri. Ndauza kapitawo kuti Lachitatu ndipopera ngati masiki ya paipi ya mpweya yafika, ndipo ngati sinafike apeze wina wolowa mu booth. Walembanso pakapepala.