Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Chaka chimene malume anatupa miyendo

M'gawo lapitali ndinasiyira pamene ndinabwerera ku Dedza kudzagwira ntchito ya clinical officer, uku ndikukoka maphunziro a digiri pang'onopang'ono, masana odwala, usiku mabuku. Lero tafika mu 2018, chaka chimene mtima wa malume unafooka. Awa ndi malume aja ndinakuuzani kuti anandilipirira fizi ya ku sekondale ndi ndalama za kachewere.

BP anali nayo kalekale. Mankhwala ankamwa mutu ukamawawa, ukasiya iwonso n'kusiya, monga amachitira anthu ambiri kwathu kuno. Pofika mu June, chisanu chitafika pachimake, uthenga unandipeza woti kamtunda kochokera kudimba kayamba kuwakanika. Ndinawapeza kumudzi, chakufupi ndi Lizulu, atakhala pakhonde, nsapato zawo za pulasitiki atazing'amba pamwamba kuti mapazi alowe. Ndinadinikiza chala pamsongolo, ndipo nditachichotsa kadzenje kanatsala pomwepo. Usiku sankagonanso chagada. Ankakhala tsonga atatsamira khoma mpaka tambala kulira, chifukwa akangoti agone mpweya unkawathera.

Ku Kamuzu Central Hospital anawaunika ndi sikani, n'kupeza kuti mtima wakula ndipo ukupopa mofooka. Anawapatsa furosemide, aja anthu amati mapiritsi okodzetsa, ndi enalapril, n'kuwauza kuti achepetse mchere. Mwezi usanathe miyendo inaphwa, tulo n'kubwerera.

Apa m'pamene msuweni wanga, mwana wawo wachisamba amene amagwira ntchito ku Johannesburg, analowererapo. Sindikumunena ayi. Ukakhala kutali bambo ako akudwala, chimene uli nacho m'manja ndi ndalama basi, ndiye umafuna ndalamazo zichite kanthu. Wina anamuuza za timapaketi ta ufa tomwe amati ndi stem cell (maselo akhanda otha kusanduka maselo a ziwalo zosiyanasiyana za thupi), tothira pansi pa lilime, akuti totsitsimutsa chiwalo chilichonse chofooka. Paboma panali kale mayi wina wotigulitsa. Bokosi limodzi mtengo wake unkaposa thumba la feteleza.

Nditamuuza kuti ndalamazo asungire thiransipoti ya ku Lilongwe, anandiyankha pa WhatsApp mwachisuweni: "Asuweni, inu munazolowera panado ndi LA. Taonani izi. Uyu ndi pulofesa wa ku Harvard, osati wa pa Bembeke." Chimene anatumiza chinali chithunzi cha tsamba la Google Scholar, malo a pa intaneti osakirapo mapepala a kafukufuku, chomwe ogulitsa aja ankagawana m'magulu awo. Pamwamba panali pepala la mu 2001 la m'magazini ya sayansi ya Nature, lochokera ku labu ya Piero Anversa, pulofesa amene msuweni ankanenayo. Pansi pake wina anazunguliza ndi mzere wofiira nambala ya ma citation, yomwe inali m'masauzande.

Kwa amene simunalowepo m'zimenezi, nkhani yake ili motere. Wasayansi akamaliza kafukufuku amalemba pepala, anzake a ntchito yomweyo amaliunika, kenako limasindikizidwa. Wina akamalemba lake n'kutchulamo lako, imeneyo ndi citation imodzi. Anthu a ku yunivesite amadyera nambala zimenezi. Kukwezedwa pantchito, kupata ndalama za kafukufuku, kuitanidwa kumisonkhano ya kunja, konseko amayamba ayang'ana pamenepo. Mu 2005 katswiri wa physics Jorge Hirsch anabweretsa h-index: ukakhala ndi h-index ya 40 ndiye kuti uli ndi mapepala 40 omwe lililonse latchulidwa kosachepera ka 40. Aphunzitsi athu akamatchula h-index ya munthu wamkulu, mawu ankachita kutsitsa.

Nthawi imeneyo ndinali nditangophunzitsidwa kusaka mapepala. Magazini okwera mtengo tinkawawerenga kudzera pa HINARI, njira yomwe WHO inatsegula mu 2002 kuti mayiko osauka aziwerenga osalipira. Ndiye usiku wina, mu wodi muli bata, ndinalipeza pepala lija, n'kudina pa nambala yozungulizidwayo kuti ndione chimene anthu masauzandewo ankanena.

Pepalalo linkakamba za mbewa. Anatenga maselo a m'mafuta a m'mafupa, n'kuwabaya m'mitima ya mbewa zomwe anazimanga dala mtsempha wa mtima, ndipo anati pakutha masiku 9 minofu yatsopano inali itadzaza 68 peresenti ya malo owonongeka. Mu 2003 labu yomweyo inalengeza m'magazini ya Cell kuti mtima uli ndi ma stem cell akeake, odziwika ndi chizindikiro cha c-kit, otha kubala minofu yatsopano. Dziko likanalekeranji kutekeseka? Madokotala onse anaphunzira kuti mnofu wa mtima ukafa pamatsala chipsera, ndipo chipsera sichipopa magazi.

Koma pamndandanda wa otchula pepalalo panali mapepala awiri a mu 2004, mu Nature momwemo, lina la gulu la Charles Murry ku Seattle, lina la ku Stanford. Onse anayesa kubwereza ntchito ija, ndipo onse anapeza kuti maselo a m'mafupa sasanduka minofu ya mtima. Potsatira mkuluwiko womwewo ndinafika pa la mu 2014 la labu ya Jeffery Molkentin ku Cincinnati. Iwo anaika chizindikiro pa maselo a c-kit m'thupi la mbewa n'kuwalondola, ndipo minofu ya mtima yochokera kwa maselowo inali yochepetsetsa, yosati n'kuchiritsa nayo kanthu. Tsono otsutsa onsewa kompyuta imawawerengera limodzi ndi oyamikira. Siiwerenga chiganizo, imangoona kuti dzina latchulidwa. Pabwalo la mfumu dzina la wakuba mbuzi limamveka kambiri kuposa la munthu wongolima munda wake, koma palibe amene amati wakubayo ndiye wolemekezeka m'mudzi.

Lomwe ndinaliwerenga mpaka tiyi kuzizira linali lina, la mu 2009 m'magazini ya Science, la Olaf Bergmann ndi Jonas Frisén a ku Karolinska ku Sweden. Nzeru yawo mpaka lero imandigometsa. Mabomba a nyukiliya omwe mayiko ankaphulitsa poyesera, pangano la mu 1963 loletsa kuwaphulitsira m'mlengalenga lisanabwere, anachulukitsa mtundu wina wa kaboni wotchedwa carbon-14 mumpweya. Zomera zinamuyamwa, anthu n'kudya zomerazo, ndipo selo lililonse lobadwa linasunga mu DNA yake mlingo wa chaka chimene linabadwa. Poyeza zimenezi m'mitima ya anthu omwalira, anapeza kuti mtima umadzikonzadi, koma mwaulesi: pafupifupi selo limodzi pa maselo 100 pachaka munthu ali ndi zaka 25, ndipo pofika zaka 75 liwirolo limatsika osafika n'theka lomwe. Maselo oposa theka a minofu ya mtima umene munthu amafa nawo ndi omwe aja anabadwa nawo. Malume anali atapitirira zaka 60.

Musamve ngati ndikuti za stem cell zonse ndi bodza. Shinya Yamanaka wa ku Japan anaonetsa mu 2006 kuti selo wamba litha kubwezedwa ku ukhanda wake, ndipo mu 2012 analandira mphoto ya Nobel. M'malabu amapanga maselo a mtima omwe amagunda okha m'mbale. Gulu la Murry yemwe uja mu 2014 linaika maselo a mtima opangidwa kuchokera ku ma stem cell a munthu m'mitima ya anyani. Anameradi, koma mitimayo inayamba kugunda mosokonekera, ndipo iwo analemba zimenezo osabisa. Nanga ufa wa pansi pa lilime uja? Papaketi panalembedwa kuti ndi wochokera ku maselo a zomera, maapozi ndi mphesa. Selo la apozi silingasanduke mnofu wa munthu, ndipo likangofika m'mimba limagayidwa limodzi ndi nsima. Ngakhale pepala la Anversa likanakhala loona kuyambira mutu mpaka kumapeto, silinkakhudzana ndi ufawo m'pang'ono pomwe.

Zonsezi ndinamulembera msuweni wanga. Anayankha ndi kachithunzi ka chala choloza m'mwamba, ndalama n'kutumiza kwa mayi uja.

Mu August akazi awo a malume anandiimbira kuti miyendo yatupanso. Ndinapeza mapiritsi ali m'timapepala tawo pamwamba pa kabati, fumbi lili mbuu. Wogulitsa uja anawauza kuti asaphatikize, akuti mankhwala a kuchipatala amapha ma stem cell. Malume anali wefuwefu, mawu awiri n'kupuma, mawu awiri n'kupuma.

"Malume, bwanji munasiya osandifunsa?"

"Mphwanga, ako aja ndi aulere. Awa mwana wanga wawakhetsera thukuta ku Joni. Ndikanasiya ati?"

Sindinawayankhe. Ndinapita kumsewu kukasaka galimoto. Anawagoneka, anawabaya furosemide wa mumtsempha, madzi anatuluka. Atatuluka m'chipatala tinakhala pansi monga banja, mayi anga alipo monga mlongo wawo, msuweni ali pa foni yomwe tinaiika pampando pakati pathu. Za Nature ndi h-index sindinazitchule n'komwe. Tinagwirizana kuti ufa wotsalawo amalize ngati akufuna, poti unagulidwa kale, koma wina usagulidwenso, ndipo mapiritsi asadumphe tsiku. Ndalama za ku Joni zizipita ku thiransipoti, ku sikani, ndi kukagula makina a mabatire oyezera BP. Anzanga ena kuntchito anati ndinalekerera, ndikanangoutaya ufawo m'chimbudzi. Iwo sanawaone malume mmene ankagwirira bokosi lija. Kulitaya kukanakhala kunyoza mwana wawo pamaso pa abale, ndipo mapiritsi akanawadana nawo mpaka kalekale. Amene anaphunzira kuyeza BP ndi akazi awo, nambala n'kumazilemba ndi pensulo kumapeto kwa kabuku ka kuchipatala.

Mu October chaka chomwecho, anthu ali yakaliyakali kugalauza minda, nkhani inatuluka yoti Harvard Medical School ndi Brigham and Women's Hospital, chipatala chomwe munali labu ija, apempha kuti mapepala 31 a labu ya Anversa achotsedwe m'magazini, chifukwa munapezeka zotsatira zopeka ndi zosinthidwa. Labuyo inali itatsekedwa kale mu 2015, ndipo mu 2017 chipatalacho chinavomera kulipira boma la America madola 10 miliyoni pofuna kuthetsa mlandu woti ndalama za kafukufuku zinapezedwa mwachinyengo. Anversa mwiniwake anakanitsitsa, nati amene anasintha zotsatira ndi mnzake wa mu labu. Kafukufuku wa CONCERT-HF, momwe odwala mtima enieni ankabayidwa maselo a c-kit, anamuimitsa kaye mwezi womwewo. Nditasuzumiranso pa Google Scholar, nambala ija inali itakwera kuposa ya pachithunzi cha msuweni, poti olemba za mlanduwo nawonso ankayenera kutchula mapepala omwewo.

Nkhaniyo ndinamutumizira. Ulendo uno anaimba.

"Asuweni, ndiye pulofesayo amumanga?"

"Ayi, sanamumange."

"Nanga mayi uja?"

Mayi uja anali atayamba kugulitsa khofi wochepetsa thupi, ndipo makasitomala ake ena anali anamwino athu omwe.

Malume anachira mokwanira kuti chaka chotsatira anakakamira kukhala ankhoswe a ukwati wanga, ngakhale ndinawapempha kuti atume ang'ono awo. Mmene anakakanganirana ndi akuchikazi pa nkhani ya tsiku la chinkhoswe, ndidzakufotokozerani m'gawo lotsatira.