Sabata Yoyesa Ndege Yolumikizidwa M'shedi ku Thyolo

Ndege yake ndi Zenith CH 701, ya anthu awiri, imene inabwera m'mabokosi ili malata a aluminiyamu odulidwa kale, n'kulumikizidwa ndi marivet (timisomali tolumikizira malata) m'shedi ya pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo. Injini ndi Rotax 912 ULS ya mahosipawa 100. Ntchito yomanga inatha mwezi watha, oyang'anira za ndege anadzaiona n'kupereka chilolezo choyesera, ndipo sabata ino inali yofufuza zonse zimene zingazimitse injini ndege ili m'mwamba.

Lolemba tinaiika pa masikelo atatu, tayala lililonse sikelo yake, itakhazikika bwino pa levulo, m'mathanki mulibe petulo koma oyilo ali m'malo mwake. Zitseko za shedi zimatsekedwa, chifukwa kamphepo kochepa kakawomba mapiko manambala amasintha. Inalemera makilogalamu 285. Kampani yopanga ndegeyi inaika malire a kulemera konse pa 499, ndiye otsala ndi 214, ndipo malita 75 a petulo amadyapo 54. Anthu awiri athupi sangakweremo mathanki ali odzaza. Kulemera kunapendekera pang'ono kutsogolo, choncho batire tinalisamutsira kumbuyo kwa mpando n'kuyezanso.

Lachiwiri ndi Lachitatu anathera pa petulo, ndipo m'pomveka, chifukwa ndege zambiri zopangira pakhomo zimazimira injini pa vuto la njira ya mafuta, injiniyo ili bwinobwino. Kayesedwe kake ndi aka. Tayala lakutsogolo limakwezedwa pa matabwa, mchira n'kumangidwa pansi, kuti ndege iime monga imakhalira ikamakwera mwamphamvu. M'thanki mumathiridwa petulo wochepa, paipi imachotsedwa pamene imalowera ku pampu ya injini, ndipo petuloyo amatsikira yekha m'chigubu choyezera wina atagwira wotchi. Injini iyi imamwa malita 27 pa ola ponyamuka, ndipo timafuna kuti paipi ipereke kuchuluka kumeneko ndi theka lake pamwamba, malita pafupifupi 40 pa ola. Kunena kwina, lita imodzi idzaze m'masekondi 90.

Thanki ya phiko lamanja inakwanitsa. Yamanzere inapitirira mphindi ziwiri. Titamasula kasefa ka pansi pa thanki tinapezamo tizidutswa ta aluminiyamu totsalira pobowola, koma titatsuka, kusintha kunali kochepa. Chenicheni chinali kapaipi kolowetsa mpweya m'thanki: mavu anali atamatamo dothi. Mpweya ukalephera kulowa, petulo satsika, ndipo choipa chake n'chakuti injini imalira bwino pansi n'kudzazima ndege itangodutsa mitengo ya bulugamu kumapeto kwa bwalo. Mavu omwewa amakondanso kapaipi ka pa phiko koyezera liwiro. Tsopano kabowo kalikonse kali ndi chivundikiro chokhala ndi kansalu kofiira kolendewera, kuti chisaiwalike.

Ina ndi nkhani ya petulo weniweniyo. Wa pa filing'i siteshoni m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol, pomwe Rotax amalola mpaka 10 peresenti basi, ndipo injini iyi imafuna okiteni 95 (nambala ya giredi ya petulo). Kuyeza ethanol n'kosavuta: madzi mamililita 10 m'botolo la manambala, petulo mpaka pa 100, kukhutchumula, kudikira mphindi khumi. Ethanol amathawira m'madzi, ndiye mzere wa madzi ukakwera kupitirira pa 20, ethanol wapitirira malire, petuloyo ndi woyenera galimoto basi. Ethanol amakokanso chinyezi, ndipo kukatentha amasanduka nthunzi msanga m'mapaipi oyandikana ndi ekizozi. Pa maulendo oyamba tinasankha avgas, petulo wa ndege. Nayenso ali ndi lake, mtovu wake umadetsa mapulagi ndi giyabokosi, choncho oyilo asinthidwe msanga.

Lachinayi tinaliza injini, mchira titaumangirira ku thirakitala. Musanayang'ane oyilo wa Rotax, mumazunguza propela ndi manja, masiwichi onse ali ozimitsa, mpaka thanki ya oyilo itamveka ngati munthu wageya. Mukapanda kutero chitsulo choyezera chimanama kuti oyilo wachepa, inu n'kuonjezera mopitiriza. Injini ikalira, presha ya oyilo ikwere pasanathe masekondi 10. Imatenthetsedwa pa 2,000 kenako 2,500 rpm (kuzungulira kwa injini pa mphindi) mpaka oyilo afike madigiri 50. Injini iyi ili ndi mbali ziwiri za moto wa mapulagi: pa 4,000 rpm mumazimitsa moto wa mbali imodzi, kenako inayo, ndipo rpm isatsike kuposa 300. Makabureta awiri a injiniyi sankakoka mofanana, ndege yonse inkanjenjemera pa liwiro lotsika, ndipo kuwalinganiza ndi mageji kunatenga masana onse.

Lachisanu ndege inayenda pansi, choyamba pang'onopang'ono kuyesa mabuleki ndi chiwongolero, kenako mofulumirapo. Bwalo ndi la udzu, choncho tinaliyenda wapansi mbali zonse, n'kusalaza tizulu tiwiri timene chiswe chinali chitayamba kuumba. Tinakaonananso ndi a mfumu a mudzi woyandikana nalo, kuti m'mawa mwake ana, mbuzi ndi a kabaza asadutse njira yachidule yodula pakati pa bwalo. Ena ankafuna kuti iuluke madzulo omwewo, koma Okutobala salola. Bwalo lili pa mafiti pafupifupi 2,500, ndipo kukafika madigiri 32 mpweya umapepuka ngati wa pa mafiti 5,000. Injini yopanda turbo (chopanikizira mpweya m'injini), ngati iyi, imataya pafupifupi 3 peresenti ya mphamvu pa mafiti 1,000 alionse, osanenanso za akamvuluvulu a masana ndi utsi wa minda yotenthedwa umene umabisa ngakhale phiri la Mulanje.

Loweruka ndege inanyamuka dzuwa litangotuluka, kuli bata. Munali payiloti yekha, petulo wa theka, ndipo pansi panali galimoto, chozimira moto ndi wailesi ya m'manja. Anakwera mozungulira pamwamba pa bwalo, kuti injini ikazima atere pomwepo. Kumbali ya phiri sanayandikireko. Sapitwa, nsonga ya Mulanje, ndi mamita 3,002, ndipo mphepo ikagwa kuseri kwa phiri lotere imatha kukankhira pansi kandege kopepuka kuposa mmene kangakwerere.

Atatera anatiuza ziwiri. Phiko lamanzere limalemera, moti akasiya ndodo yowongolera ndege imapendekera komweko, ndipo oyilo anafika madigiri 118 pokwera, pomwe malire ndi 130. Titatsegula chivundikiro cha injini tinapezanso paipi ya madzi oziziritsa injini itayamba kukhuzika pa chitsulo chogwira injini. Tiisintha ndi kuimanga patali, tikonze ndodo yokankha flaperoni yamanzere (kaphiko kosuntha ka kumbuyo kwa phiko) pang'ono pang'ono, ndiponso tikulitse khomo la mpweya wopita ku chozizira oyilo. Mpando wachiwiri ukhala wopanda munthu mpaka maola oyesera amene analembedwa pa chilolezo atakwana.