PhD ya AI uku ukuphunzitsa: musalembetse popanda kalata m'manja

Oyesa awerenga thesis yanga, zimene anati ndikonze ndakonza ndipo ndatumiza. Mtima wakhala pansi tsopano. Anzanga ophunzitsa m'mayunivesite akhala akundifunsa pa WhatsApp kuti ndinatha bwanji kuchita PhD ya AI (luso lophunzitsa makompyuta kuchita zinthu ngati munthu) ku South Africa uku ndikuphunzitsa makosi a kompyuta kuno kwathu ku Malawi. Ndiyankhe pano onse pamodzi, mkwiyo usanandithere.

Zofunafuna wokuyang'anirani ndi kulemba proposal mukuzidziwa kale. Chokhacho, tumizani msanga satifiketi zanu ku SAQA, bungwe la ku South Africa loona za mapepala a maphunziro, kuti akaziunike, poti mayunivesite ambiri kumeneko amafuna pepala limenelo kwa munthu amene anaphunzira kunja. Funsaninso za fizi ya anthu a m'maiko a SADC: m'mayunivesite ambiri aboma timalipira mofanana ndi eni dziko, n'kuwonjezerapo kandalama kena ka ophunzira akunja.

Chimene chinandisautsa si masamu, si code (malangizo olembera kompyuta), koma kalata ya kuntchito yondichepetsera makosi. Nditalandiridwa, mkulu wa dipatimenti yathu anandiuza pakamwa kuti, "Musadandaule aphunzitsi, makosi tikuchepetserani." Ndinapempha kuti zimenezo zilembedwe. Iye analemba mbali yake mwachangu, pepala n'kupita ku ofesi yoona za antchito kuti likasainidwe. Kumeneko ndiye linakafera.

Ndimapita ndikatuluka m'kalasi, manja ali mbuu ndi choko, n'kukhala pa benchi yapakhonde. Kuseri kwa kauntala kuli milumilu ya mafayilo omanga ndi chingwe. Yankho lake linali lomwelo: "Pepani aphunzitsi, fayilo ili kwa abwana." Abwana ali kuti? Ali kumsonkhano kunyanja. Atabwerako, fayilo sikuoneka. Itaoneka, akuti fomu inasintha, ndilembe ina. Tsiku lina ndinaimitsa msonkhano wa pa Zoom ndi wondiyang'anira chifukwa anandiuza kuti abwana alipo ndipo asaina lero lomwe. Ndinadikira mpaka nthawi yoweruka, n'kuuzidwa kuti komiti yoona za maphunziro a antchito iyenera kukumana kaye. Bwanji osandiuza tsiku loyamba? Palibe amene anandinyoza, onse amayankhula mwaulemu, koma ulemuwo unandidyera miyezi.

Pepala likuzungulira choncho, ndandanda ya makalasi inatuluka, dzina langa lili pa makosi onse ngati kale, kuphatikizapo programming ya chaka choyamba, kalasi yodzaza mpaka ena kuima kumbuyo. Kenako mkulu wa dipatimenti anasinthidwa. Watsopanoyo anandifunsa funso limodzi: "Kalata ili kuti?" Sindimuimba mlandu, aphunzitsi ndi ochepa ndipo makalasi sangakhale opanda munthu. Koma semesita imeneyo kafukufuku wanga anaima chiimire. Choncho musalipire fizi musanagwire kalata yosainidwa ndi yodindidwa.

Za makina. Ine ndimaphunzitsa kompyuta kuzindikira mawu a Chichewa munthu akamayankhula, ndipo ntchito yotere imafuna GPU, kachipangizo ka m'kompyuta kotha kuchita masamu ambiri nthawi imodzi. Laputopu yanu siyingathe. Google Colab yaulere, imene imabwereketsa makina otere pa intaneti, imakuthandizani poyesa tinthu ting'onoting'ono, koma imadula nthawi iliyonse. Kaggle, imene imabwereketsanso makina pa intaneti, imapereka maola pafupifupi 30 a GPU pa sabata. Chimene chinandipulumutsa n'chakuti wondiyang'anira anandilowetsa pa makina a CHPC, malo a makompyuta amphamvu ochitira kafukufuku a ku Cape Town. Funso limeneli mufunseni musanagwirizane naye: kodi ndidzaphunzitsira modelo (pulogalamu ya AI imene ndikupanga) pa makina ati? Ndipo code yanu izisunga checkpoint (kope ya pamene ntchito yafika) pafupipafupi. Namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, magetsi amazima maola ambirimbiri, ndipo amene sanali kusunga ntchito yake amayambiranso pachiyambi.

Ndakumbukira za ndalama. Fizi ndi ya ma rand, malipiro ndi a makwacha. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ngongole yanga ya kusukulu inakula usiku umodzi, malipiro ali pomwepo. Ndalama zakunja nazo kubanki n'zodikira pamzere. Invoice ikangotuluka kaperekeni pempho tsiku lomwelo, ndipo dziwitsani ofesi ya zachuma ya kusukulu kwanu kuti ndalama zichedwa, asakutsekereni kulembetsa.

Ndibwerere m'mbuyo pang'ono, ku deta. Ngati mudzajambula mawu a anthu, chilolezo cha komiti yoona za ufulu wa otenga mbali pa kafukufuku chimafunika mbali zonse ziwiri, kusukulu kwanu ndi kuno, ndipo kuno tili ndi lamulo loteteza deta la 2024. Pali chiyeso chimodzi chachikulu kwa ife aphunzitsi: kujambula ophunzira athu omwe, poti ali pafupi. Musatero. Mwana amene mudzamuchongere mayeso sangakukanireni momasuka. Ine ndinagwiritsa ntchito anthu ena odzipereka, olembedwa mwa dongosolo. Komabe kuphunzitsa kuli ndi phindu lake: mapulojekiti a chaka chomaliza ndinawayandikizitsa ku kafukufuku wanga, ndipo wophunzira amene anagwiradi ntchito dzina lake linalowa pa pepala limene tinasindikiza.

AI imathamanga kuposa kalendala ya yunivesite. ChatGPT itatuluka mu Novembala 2022, mutu wa mu thesis yanga wonena za zimene ena analemba kale unakalamba ndikuona, ndipo m'kalasi ana anayamba kubweretsa code imene sangathe kuifotokoza. Ndinayamba kuwafunsa pamaso mmodzimmodzi, nthawi n'kumapita. Masiku otsekera mapepala a misonkhano ya akatswiri nawo amakonda kugwera sabata yochonga mayeso. Lembani masiku onsewo pa kalendala imodzi semesita isanayambe, mugwirizane ndi mnzanu wa mu dipatimenti kuti muzisinthana poyang'anira mayeso. Lowaninso m'gulu la Masakhane, la ofufuza za AI pa zilankhulo za mu Africa, ndipo yesani kupita ku Deep Learning Indaba, msonkhano wa akatswiri a AI a mu Africa umene unayamba mu 2017 ku Johannesburg, kapena ku IndabaX, msonkhano wocheperapo wa mtundu womwewo wa kuno. Mafunso amene mu dipatimenti mulibe wowayankha, kumeneko amayankhidwa.

Kalata ija inatuluka pamapeto pake, ndipo semesita yotsatira ndinapumako. Yanu itchule chiwerengero cha makosi amene mudzaphunzitse, masemesita ake, ndi masabata amene mudzaloledwe kupita kwa wokuyang'anirani. Mawu akuti "adzachepetseredwa ntchito" okha sathandiza. Funsani tsiku loyamba kuti komiti ija imakumana liti, fomu yatsopano ndi iti, ndipo pepala lililonse limene mwapereka akudindireni pa kope yanu. Pangano lokumangani kugwira ntchito zaka zingapo mukamaliza limabwera pamodzi ndi kalatayo. Liwerengeni kunyumba, makamaka ndime yonena za ndalama zimene mudzabweze ngati maphunziro atatalika kupyola nthawi imene munagwirizana.