Asilikali anga a mafupa afika 60 tsopano

Dzulo usiku cha m'ma 11 ndamaliza kupenta kasilikali ka nambala 60. Ndinakaika pa mzere ndi anzake pa tebulo la kukhitchini, kuzimitsa getsi lalikulu kungosiya kanyale kaja ndimapentera, basi ndikungokhala phee kuwayang'ana. Mikondo yonse yaloza mbali imodzi, zishango zabuluu wowala zokhala ndi mkombero wagolide, mbendera pakati, woimba lipenga pambali pake. Miyezi 14 yathera pa tebulo limeneli, ndipo anzanga akumudzi amene mwakhala mukundifunsa pa WhatsApp kuti kodi tizidole timene ndimaika pa status ndi ta chani, lero ndikuuzeni bwinobwino.

Masewera ake amatchedwa Warhammer: The Old World. Anthu awiri, aliyense amabwera ndi gulu lake la nkhondo la tiasilikali tating'ono, kamodzi kutalika kwake ngati theka la chala chachikulu, mumatiyala pa tebulo la mafiti 6 mulitali ndi 4 mulifupi pomwe pali timapiri, timitengo ndi mabwinja a nyumba, kenako mumamenyana. Gulu likafuna kuyenda mumayeza ndi tepi ya mainchesi, likafuna kulasa kapena kubaya mumaponya madayisi onga a ludo aja koma ambiri nthawi imodzi, pena 20 m'manja. Gemu imodzi imatha kudya maola atatu. Koma chimene anthu ambiri sadziwa ndi chakuti tiasilikalito sumagula tokonzeka ayi, timabwera tili ziduswaziduswa pa chifelemu cha pulasitiki yotuwa, mutu pawokha, mkono pawokha, chishango pachokha, iweyo udule, upale, umate, upente. Kusewerako ndi kagawo kochepa chabe, nthawi yambiri imathera pa mpando uli wekha ndi bulashi.

Ine ndimakhala ku Nottingham ndipo kwa zaka ndithu sindinkadziwa kuti ndikukhala pa likulu la zinthu zimenezi. Kampani ya Games Workshop, yomwe imapanga masewerawa, inayambira ku London mu 1975, anthu atatu, Ian Livingstone, Steve Jackson ndi John Peake, kenako mu 1979 kunabadwa Citadel Miniatures ku Newark kuno kufupi yomwe inkaumba tiasilikali tachitsulo, Warhammer yoyamba ndikutuluka mu 1983. Lero likulu lawo lili ku Lenton konkuno, kuli malo otchedwa Warhammer World komwe kuli holo yosewerera anaimanga ngati bwalo la mkati mwa linga la mafumu akale, ndi chionetsero cha tiasilikali masauzande topentedwa kale. Makampani enanso a zomwezi monga Mantic Games, Warlord Games ndi Perry Miniatures ali mumzinda womwe uno. Amene ananditengera kumeneko ndi mnzanga wina wa kuntchito, mzungu wachikulire amene anayamba kusewera ali mnyamata, tinkagwira limodzi shifiti ya usiku ndipo pa buleki iye ankangowerenga buku la malamulo lonenepa ngati Baibulo la pa guwa, mpaka tsiku lina ndinamufunsa.

Nditalowa m'chionetsero muja chimene chinandibwerera m'mutu ndi kudambo kwathu ku Kasungu. Tinkaumba ng'ombe zadongo, nyanga tikuika minga, kuziyanika pa mwala, madzulo ndikuzigundanitsa kuti tione ya ndani ithyoke nyanga. Galimoto zamawaya tinkakhalira tsiku lonse kupinda, matayala a zitsekerero za mabotolo, chiwongolero chachitali cha bango. Chisangalalo chake ndi chomwecho ndithu, chinthu wapanga ndi manja ako kenako ukukachionetsa kwa anzako pabwalo. Ndinatuluka mmenemo mtima utagwidwa kale.

Mnzangayo anandifotokozera kuti masewera akale aja a Warhammer Fantasy anathetsedwa mu 2015 ndipo m'malo mwake munabwera masewera ena otchedwa Age of Sigmar, anthu ambiri amene anali ndi magulu awo anangowalongedza m'makatoni kukaika kudenga. Ndiye mu January 2024 dziko lakale lija linabwereranso ndi dzina la The Old World, ndipo magulu awiri oyamba kutuluka anali Bretonnia, asilikali apakavalo ovala zitsulo, ndi Tomb Kings a ku Khemri, dera lopeka la m'masewerawa, mafumu akufa a m'chipululu amene amadzuka m'manda ndi asilikali awo a mafupa okhaokha, magaleta, oponya mivi, ziboliboli zamiyala zoyenda. Maonekedwe onse a Tomb Kings anatengera Iguputo wakale. Ine sindinachedwe kusankha. Mapiramidi, dzuwa, mchenga, golide, ndinangoti awa ndi anga basi.

Apa ndinene za mlongo wanga. Nditatumiza chithunzi choyamba cha mafupa khumi ataima pa tebulo anandiimbira foni usiku womwewo, mawu ali pansipansi, akuti achimwene kodi kunjako mwayamba zotani, zimenezi si zamankhwala? Sanali kuseka ayi, anali ndi nkhawa yeniyeni, ndipo ine sindinamuone molakwika chifukwa kwathu munthu sasunga chifaniziro cha chigaza m'nyumba popanda chifukwa. Ndinamuimbira pa vidiyo, kumuonetsa chifelemu cha pulasitiki chisanadulidwe, kabotolo ka guluu, mabulashi, buku la malamulo, ndikumuonetsanso ndikudula mkono umodzi ndi kapulayazi. Anakhala chete kenako akuti ooh ndiye ndi zoumbaumba zanu zija munkachita kudambo. Amayi sitinawaonetse mpaka pano, tinagwirizana kuti tidzawafotokozera ndikadzabwera.

Tsopano nkhani imene ndikufunitsitsa kunena, ya kukonza gulu usanagule. Gemu iliyonse mumagwirizana mapointi, yodziwika kwambiri ndi ya 2000, ndipo kasilikali kalikonse kali ndi mtengo wake wa mapointi, ukakapatsa mkondo kapena chishango mtengo umakwera. Sungangotenga zimphona zokhazokha ayi, malamulo amati asilikali wamba otchedwa Core asachepere 25 peresenti, ndiye kuti mapointi 500 pa 2000 paja, atsogoleri asapitirire theka, asilikali apadera otchedwa Special asapitirire theka, ndipo zinthu zosowa zija za Rare zisapitirire 25 peresenti. Zili ngati bajeti ya pamwezi, lendi ndi ufa zimayamba, nyama ya Lamlungu ndi pambuyo. Vuto la gulu langali ndi lakuti msilikali mmodzi wa mafupa ndi wotchipa zedi, safika ngakhale mapointi 10, ndiye kuti udzaze 500 paja pamafunika khamu, ndipo khamu lonselo ndi lofunika kudula, kumata ndi kupenta mmodzimmodzi. Ine poyamba maso anali pa chinjoka cha mafupa ndi Necrosphinx, chiboliboli chachikulu cha mapiko chija, ndalama ndinali nditaika kale pambali. Mnzanga uja anandigwira mkono, akuti lemba kaye list, mndandanda wa gulu lako, ya mapointi 1000 pa pepala, uwerenge kuti ndi mitu ingati, uone ngati ungaipente yonse, chachikulucho chidzakupeza. Ndinawerenga ndikupeza mitu yoposa 50. Ndinabweza ndalama ija m'thumba ndikugula asilikali wamba.

Anthu ambiri m'masewera amenewa ali ndi mabokosi osatsegula ataunjikana pa wadiropu, pulasitiki yotuwa yosapenta ya zaka ndi zaka, chifukwa kugula kumatenga mphindi ziwiri pomwe kupenta gulu limodzi kumatenga mwezi. Ndipo zinthuzi sizotchipa, kwa ife amene mwezi ukatha timatumizanso kumudzi ya fizi ndi ya feteleza sungamangotola bokosi lililonse lakusangalatsa. Lamulo langa ndi limodzi, sindigula china ndisanamalize chimene chili pa tebulo. Pena zimawawa ukaona chatsopano pa shelefu koma ndaligwira mpaka lero.

Theka la asilikali anga ndi a kaunjika, ndinagula kwa bambo wina amene ankachotsa katundu wa kudenga. Anabwera m'chitini cha mabisiketi, ena othyoka mikondo, ena opakidwa penti yokhuthala ngati ya pakhoma, onse ataima pa timabesi takale ta mamilimita 20 pomwe malamulo atsopano amafuna 25. Ndinawaviika mu isopropyl, mankhwala onga spirit amene amachotsa penti, kwa masiku awiri, kuwatsuka ndi mswachi wakale mmodzimmodzi mpaka nthiti zinayamba kuonekanso, kenako kuwadula pa mabesi akale ndi kampeni, apa pofunika dzanja lofatsa chifukwa akakolo a mafupa ndi opyapyala ngati ndodo ya machesi, atatu anathyoka ndipo ndinawalumikiza ndi kawaya ka pepa kilipu nditaboola ndi kadirilo ka pamanja. Guluu wa pulasitiki amasungunula mbali ziwirizo kuti zigwirane kukhala chinthu chimodzi, koma pa chitsulo kapena resin, chinthu china chimene amaumbira tiasilikali, sagwira, pamenepo ndi supagulu basi. Ndipo musaiwale kupala kamzere kamene chikombole chimasiya pakati pa chigaza, mukakasiya penti ikangolowa kamaonekera patali.

Kumene ndinapwetekeka ndi pa penti yoyamba ya sipulei. Unali mwezi wa February, kunja kukuzizira komanso chinyontho, ine changu chandigwira, ndinatuluka kuseri kwa nyumba ndi asilikali 20 nditawamata pa katoni ndikuwafayira. Atauma onse anali okhakhala ngati sandipepa, nkhope zosaoneka, ntchito ya milungu iwiri. Ndinakhala pa sitepe kanthawi ndithu osayankhula. Anabwereranso mu isopropyl onsewo. Pano chitini cha sipulei ndimayamba ndachiika m'madzi ofunda, kuchikhutchumula mphindi ziwiri zathunthu, kuyesa kaye pa chidutswa cha felemu, ndipo kukakhala mvula ndimadikira ngakhale sabata.

Kapentedwe kanga ndi kophweka. Pansi ndimapaka penti yotchedwa Wraithbone, pamwamba Skeleton Horde amene ndi penti yamadzimadzi ya mtundu wa Contrast, imathamangira yokha m'mipata ya nthiti ndi m'maenje a maso ndikusiya pamwamba powala, ikauma ndimatenga bulashi youma yokhala ndi penti pang'ono zedi ya Screaming Skull, ndikupukuta pa tishu mpaka ioneke ngati yatha, kenako kumangopititsa mopepuka pa chigaza ndi pa mawondo. Fupa limadzuka pompo. Ndimapenta khumi nthawi imodzi, lero mafupa onse, mawa zishango zonse, mkuja mikondo, chifukwa ukamamaliza mmodzimmodzi mtima umatopa pa wachisanu. Pa mabesi pokha ndinapatuka. Anthu onse amaika mchenga wachikasu wa m'chipululu, ine ndinasakaniza penti mpaka inafanana ndi katondo wa kwathu, wofiira uja amakakamira ku mapazi nthawi ya dzinja, ndikubzalapo timaudzu touma ta mwezi wa October. Ku kalabu aliyense amayamba wafunsa za dothilo.

Gemu yanga yoyamba ya mapointi 1000 ndinasewera ndi mayi wina wa gulu la Bretonnia, ndipo inandiphunzitsa zambiri kuposa buku lonse. Asilikali a mafupa sathawa, alibe mantha, koma akagonja pa kulimbana amagumuka, ena amangogwa okha kusanduka fumbi molingana ndi mmene agonjera. Ine ndinawayala m'timagulu ting'onoting'ono ta khumikhumi poganiza kuti nditseka tebulo lonse, apakavalo aja atabwera mwa liwiro ndi mikondo yawo italiitali kagulu kamodzi kanatha nthawi imodzi, kachiwiri anakalowera m'nthiti, ndipo wansembe wanga, amene matsenga ake ndi omwe amadzutsanso ogwa ndi kulimbitsa gulu lonse, ndinali nditamuimika poyera yekha ngati mlonda wa pageti. Pofika turn yachitatu anali atapita ndipo zotsalazo zinangotsatira. Mayiwo titamaliza anakhala nane theka la ola kundionetsa pa tebulo pomwepo, akuti gulu lako ndi khoma, khoma silikhala lopyapyala, ika 30 pamodzi mizere yakuya agwire mdani pamalo amodzi, magaleta ako abwere cha m'mbali, wansembe umubise mkati mwa oponya mivi kumbuyo. Ndinafika kunyumba ndikung'amba list ija kulembanso ina usiku womwewo, ndipo ndi chifukwa chake nambala inakwera kufika 60.

Ndiye pano zili motere, 30 a mikondo gulu limodzi, 20 a mauta, 10 apakavalo, magaleta atatu, mfumu ndi wansembe. Onse ndinawamatira timaginito pansi pa mabesi ndipo amayenda m'bokosi la pulasitiki lokhala ndi lata pansi, ndimakwera nawo tram osagwa ngakhale mmodzi. Mwana wanga wa zaka 9 wayamba kundikhalira pambali, ndinamupatsa asilikali atatu aja othyoka akakolo kuti aphunzirirepo, mmodzi wa iwo anamupaka chishango chofiira, chakuda ndi chobiriwira ngati mbendera yakwathu ndipo ameneyo ndamuika mzere wakutsogolo pafupi ndi woimba lipenga, sindimusintha. Dzulo akuti adadi kodi chinjoka chija tigula liti. Ndamuuza kuti pa list ya 1500 malo ake alipo, ndawerengera kale, koma patsala apakavalo asanu amene adakali otuwa m'kabati, ndipo Loweruka kukacha bwino opanda mvula tikawafayira limodzi kuseri kwa nyumba.