Zomwe ndikuphunzira pa ziboliboli zadongo zowotcha ndi nkhuni

Gawo lino la maphunziro athu a zoumbaumba tinaliyamba ndi jiyometri ya m'chilengedwe, kuwerenga mizere yopindika ya pa mpendadzuwa, nthawi zambiri imakhala 34 yopita uku 55 yopita uko, pa chinanazi 8 ndi 13, manambala a Fibonacci aja oti ukaphatikiza awiri otsatizana umapeza wachitatu. Njere iliyonse imamera itapotoka pafupifupi madigiri 137.5 kuchokera pa inzake ndiye palibe yokhalira inzake, zonse zimapeza malo. Ine zinandigwira mtima kwambiri moti ndinayamba kuumba tianthu ting'onoting'ono totsamirana mozungulira motsatira mizere yomweyo, phewa la uyu ndiye potsamira uyo, ukachotsapo mmodzi chonsecho chimapendekeka.

Mpaka pamenepo zonse zinali m'manja mwanga, rula ndi pensulo basi. Zinasintha titafika pa nkhani ya moto.

Uvuni omwe tikuphunzira ndi anagama wa ku Japan, luso lake linafika kumeneko kuchokera ku Korea m'zaka za m'ma 400. Ndi chipinda chimodzi chachitali chokwera mtunda, moto kumunsi chumuni kumtunda, pakati pa moto ndi zoumba palibe khoma. Ku Bizen m'chigawo cha Okayama amawotcha ndi nkhuni za paini wofiira kwa masiku 10 mpaka 14 osapaka ngakhale pang'ono glezi, zopaka zija zonyezimiritsa zoumba ngati galasi, phulusa limauluka ndi malawi nkukatera pa dongo, ndiye kutentha kukadutsa madigiri 1200 calcium ndi potassium za m'phulusamo zimasungunukira limodzi ndi silika wa m'dongo, yemwe amapezekanso mumchenga wopangira magalasi, nkusanduka galasi lopyapyala, pena lobiriwira pena lachikasu pena timadontho ngati chitowe. Agogo athu owotcha mbiya ndi mitsuko pabwalo moto wawo sufika pamenepo, nchifukwa chake mtsuko umachita thukuta nkumaziziritsa madzi pomwe za Bizen zimalimba osadontha.

Koma chomwe sichikundichoka m'mutu ndi ichi, mtundu omwe chiboliboli chako chitatuluke nawo umadalira kwambiri zomwe zayandikana nacho. Lawi limayenda kufunafuna mpata wopita ku chumuni, likakumana ndi choumba cha mnzako limagawikana, ndiye mbali ya chako yomwe yabisala kumbuyo kwake imatuluka youma yofiirira pomwe mbali yoonekera imanyowa ndi phulusa losungunuka. Kungosuntha chimodzi pang'ono mwasintha zonse za kumbuyo kwake. Amisiri a ku Bizen anazindikira izi kalekale ndipo amachita dala, amaika kachinthu kozungulira pa mbale kuti pasiye chizindikiro chozungulira, amatcha botamochi, kapena kukulunga choumba ndi udzu wa mpunga kuti pasiye mizere yofiira ya hidasuki. Aphunzitsi athu amati kulongedza uvuni kumafuna nzeru kuposa kusonkha moto, ndipo ndikuvomereza, amatha kukhala nthawi yaitali atagwada mkatimo akungoyang'ana mipata asanaike chilichonse.

Ndiye mwaona, ine ndimaumba anthu otsamirana ngati fanizo chabe, pomwe mu uvunimo kudalirana kuja kukuchitikadi pa dongo lenilenilo. Panja naponso chimodzimodzi, moto wa masiku ambiri munthu mmodzi sangautha, pamakhala mashifiti usana ndi usiku, kuponya nkhuni pakangopita mphindi zochepa. Koyambirira amakweza moto pang'onopang'ono chifukwa madzi otsalira m'dongo amaphulitsa choumba, komanso pa madigiri 573 timchenga ta quartz ta m'dongo timafufuma mwadzidzidzi, ukathamanga pamenepo ming'alu yokhayokha, makamaka pa zinthu ngati zanga zomwe pena nzonenepa pena nzopyapyala. Ntchito yako ya miyezi imakhala m'manja mwa yemwe ali maso usiku umenewo iwe ukugona, ndipo yake imadzakhala m'manja mwako mawa lake.

Chondivuta nchimodzi, nkhuni. Uvuni wotere umadya nkhuni zambiri zedi, ndipo munthu amene waona mmene mapiri athu ayerera ndi makala sangangonena kuti nzokongola basi nkudutsa. Sindikufuna kuti luso limeneli ndidzalichite podula mitengo yachilengedwe. Panopa ndikusonkhanitsa zidutswa zotsala za kumacheka a matabwa, ndiponso ndikusefa phulusa la zitsononkho ndi la mankhusu a mpunga kuti ndiwaze pa timatayilosi toyesera, la mpunga lili ndi silika wambiri ndiye lokha silisungunuka msanga, ndiyenera kulisakaniza ndi la nkhuni. Tianthu tanga nato ndikutiumbanso, ulendo uno ndikusiya mipata ikuluikulu pakati pa mapewa kuti lawi lizitha kudutsa mkati nkukafika kwa omwe ali kumbuyo.