Ma reference a Vancouver ndi malipoti athu a boma

Shopu yanga pano pa boma la Kasungu imadziwika ndi fotokope komanso kupulinta ma CV, koma masiku ano chimene chikundidyera nthawi kwambiri ndi ma reference, mndandanda uja wa mabuku ndi mapepala amene munthu watchula mu kafukufuku wake. Anthu ambiri akuphunzira uku akugwira ntchito, manesi, ma clinical officer, aphunzitsi ochokera ku Chamama, ku Santhe, ena mpaka ku Nkhamenya, ndiye akamaliza kafukufuku wawo supavaiza amawauza kuti tumizani ku journal, basi pepala lija limafika kwa ine ma reference ake ali mu kalembedwe ka APA pomwe journal ikufuna kalembedwe ka Vancouver, mwini wake nkumati "achimwene mungosintha pang'ono, ndidikira pompano."

Pang'ono pake pati?

APA imayendera dzina ndi chaka. M'kati mwa nkhani mumalemba dzina la wolemba ndi chaka mu mabulaketi, kumapeto mndandanda nkuusanja kuyambira A mpaka Z. Edishoni ya 7 imene inatuluka mu 2019 imalola kulemba mayina mpaka 20 pa reference imodzi, dzina la journal lonse lathunthu komanso lopendeketsa. Vancouver ndi dziko lina. Inayamba mu 1978 pomwe akonzi a ma journal azachipatala anakumana mumzinda wa Vancouver ku Canada, ndipo ma journal ambiri azaumoyo amatsata imeneyi, kuphatikizapo Malawi Medical Journal yathu. Kumeneko kulibe za A mpaka Z, amene mwayamba kumutchula ndi nambala 1, wotsatira 2, mukamutchulanso woyamba uja pa peji 9 amakhalabe 1. Olemba akapitirira 6 mumalemba 6 oyambawo kenako et al., kutanthauza kuti ndi anzawo. Zilembo zoyamba za mayina zilibe timadontho, dzina la journal limafupikitsidwa momwe lilili pa PubMed, webusaiti yofufuzirapo mapepala azaumoyo, monga Malawi Med J, kenako chaka, voliyumu, nambala ndi mapeji zonse zothinana chonchi 2019;31(2):123-9. Onani mapejiwo, si 123-129 ayi, manambala obwerezawo amadulidwa.

Ndiye taganizani munthu wataipa manambala onsewa pamanja, ma reference 40, kenako supavaiza wanena kuti ndime iyi ipite pamwamba. Zonse zasokonekera, 14 akuyenera kukhala 3, amene anali 3 wasanduka 4, mpaka pansi. Nchifukwa chake aliyense wobwera ndi laputopu yake ndimamuikira Zotero, pulogalamu yosanja ma reference, ndi yaulere, imalowa mu Word, mukasuntha ndime manambala amadzikonza okha, mukafuna kuchoka ku APA kupita ku Vancouver ndi kungosankha basi. Mendeley nayo ilipo, EndNote ndi yogula ndiye sindiitchula kawirikawiri kwa anthu oti fizi akulipira ndi ngongole ya banki mkhonde.

Koma apa ndi pamene ndimasiyana maganizo ndi anyamata ena amene amati ukakhala ndi Zotero wamaliza. Zotero imachita bwino ndi mapepala okhala ndi DOI, nambala ija yozindikiritsa pepala, yoyamba ndi 10 ndi kadontho, mukaimata imakoka zonse yokha pa intaneti, mayina, chaka, mapeji. Nanga kafukufuku wa kuno amadalira chani? Malipoti a boma, mabuku a Unduna wa Zaumoyo, ma thesis osasindikizidwa, malipoti a mabungwe omwe munthu anangopatsidwa pa fulashi kapena pa WhatsApp. Ambiri mwa amenewa alibe DOI, ndiye pulogalamu ija imangolota.

Mayi wina nesi anabwera ndi pepala lake la za amayi oyembekezera, nditayang'ana nambala 2 pa mndandanda ndinapeza wolemba ndi "Office NS". Ndinawafunsa kuti mayi, a Office amenewa ndi ndani? Iwo akuti kaya, kompyuta ndi imene yalemba. Anali National Statistical Office (NSO) ya ku Zomba ija, Zotero inaitenga ngati munthu, Office nkukhala dzina la bambo ake, N ndi S mayina oyamba. Kukonza kwake nkosavuta, pa bokosi la wolemba pali kabatani kosintha kuti dzina likhale m'bokosi limodzi osati awiri, mukatero limatuluka lonse momwe lilili. Koma ngati simunatsegule maso zimapita choncho mpaka kwa mkonzi, ndipo Ministry of Health nayo imasanduka "Health M of" mwanjira yomweyo.

Lipoti lomwelo la pa nambala 2 lili ndi msampha wina wa chaka. Pachikuto palembedwa Malawi Demographic and Health Survey 2015-16, ndiye anthu amalemba 2015, ena 2016, pomwe linasindikizidwa mu 2017, ndipo olemba ndi awiri, NSO ndi ICF, kampani ya ku America, malo ndi Zomba komanso Rockville ku Maryland. Chaka cha mu reference ndi chosindikizira, osati chimene anthu amayenda m'midzi ndi mafunso. Kalembera wa 2018 chimodzimodzi, lipoti lake lalikulu ndi la 2019. Ndimauza anthu kuti tsegulani mapeji oyambirira a PDF, malipoti ambiri otere amakhala ndi kamzere kosonyeza momwe eni ake akufunira kuti muwatchule, koperani zofunikazo muziike m'mabokosi oyenera.

Mayina athu nawonso amavuta. Pepala lina likalowa molakwika mumapeza dzina loyamba lakhala kutsogolo, la makolo lasanduka chilembo chimodzi, ndipo mzungu sangaone vuto koma ife timadziwa kuti Chikondi kapena Mphatso nthawi zambiri si dzina la mtundu.

China chimene chayamba kuchuluka ndi ma reference ochokera ku ChatGPT. Amaoneka aukhondo kuposa enieni, comma aliyense pamalo pake, koma ukatenga DOI nkuiika pa doi.org imakana kapena imakutengera ku pepala lina losagwirizana nkomwe. Amenewa sindiwakonza, ndimabweza kuti kapezeni pepala lenileni muliwerenge kaye, ena amakwiya poti alipira kale bandulo, koma dzina lopita pa pepalalo ndi lawo osati langa.

Mukasankha journal pitani pa webusaiti yawo mukawerenge malangizo a olemba, chifukwa ngakhale onse akuti Vancouver, ena amafuna manambala m'mabulaketi, ena timanambala tating'ono tam'mwamba, ena amadula olemba pa 3 osati 6. Tsitsaninso pepala limodzi limene asindikiza posachedwa muziyerekeza nalo, ine ndimalipulinta nkuliika pambali pa kiyibodi ndi cholembera chofiira.

Ndipo chonde fayilo yokhala ndi Zotero musamaikonzere pa foni. Magetsi akathima anthu amaitumiza pa WhatsApp nkumasintha ndi timapulogalamu ta pafoni, ikabwerera ku laputopu nthawi zina kulumikizana kuja kwaduka, manambala angokhala zilembo wamba osasunthanso. Sungani makope awiri, ina yamoyo yogwirira ntchito, ina yochotsa ma link yotumiza ku journal, ndipo muzipatse mayina osiyana bwinobwino, osati final ndi final2 zimene ndimazipeza pa fulashi iliyonse yobwera pano.