Hita yosatentha ndi magalasi a nthunzi: musayambire kwa a gasi

Ngati galimoto yanu yakale ikuchita nthunzi m'magalasi m'mawa ndipo hita ikungouzira mphepo yozizira, musathamangire kokathiritsa gasi wa AC. Tsegulani boneti injini itatentha, mufufuze mapaipi awiri ochoka pa injini n'kulowa chakumbuyo kupita m'dashibodi, muwagwire mosamala ndi dzanja. Kugwirako n'kwaulere.

Corolla yangayi ndinaigula kwa munthu wa mumzinda wa Tete, kumene chifukwa cha kutentha palibe amene amakhudza hita. Koma ine ndimakhala ku Ulónguè, ndipo kuzizira kwa Juni ndi Julayi kuno ku Angónia mukukudziwa. Ndikanyamuka mbandakucha kupita ku Calómuè, kunja chifunga, mkatimo galasi lonse mbuu. Wokhala nane kutsogolo ankangopukuta ndi chipewa, ine ndikuyendetsa nditasuzumira pakabowo, njinga za mbatatesi zikungotulukira pafupi.

Ndinatsetsereka mpaka ku Tete kudzera pa Mussacama ndi Moatize, poti anthu ankati amisiri enieni ali kumeneko. Pagalaja paja ndinafika m'mawa. Mkuluyo sanatsegule n'komwe boneti, anangoti, "Bambo, amenewo ndi gasi." Wa gasiyo kunalibe, akuti ali pafupi, akubwera. Ndinakhala pa tayala lakutha dzuwa likundiwamba mpaka madzulo, kenako ndinalipira mameticais 2,500. Anayatsa AC, mphepo yozizira n'kutuluka, onse n'kumamwetulira kuti mwaona? Inde AC imathandiza, chifukwa imaumitsa mpweya wa m'galimoto. Koma ine ndinapita ndi dandaulo la hita! Nditawakumbutsa anandiyankha kuti hita mukufuna ya chiyani ku Tete kuno. Mafuta opita ndi kubwera, tsiku lathunthu, gasi amene mwina sanali wofunika n'komwe. Mpaka pano ndikakumbukira mtima umawawa.

Amene anapeza vuto ndi mnyamata wa kwathu konkuno amene amakonzera pansi pa mtengo. Anangoweramira mu injini n'kundiitana: "Madala, taonani apa." Mapaipi aja wina anawazula n'kuwalumikiza okhaokha ndi kachitsulo, ndiye madzi otentha sankalowanso m'karedieta kakang'ono ka hita kamene kali kuseri kwa dashibodi. Atamasula pamene pamakhala thermostat, kavalavu kotsekereza madzi kuti asapite ku redieta yaikulu injini isanatenthe, munalibe kanthu. Amakanika ambiri a kotentha amaichotsa poganiza kuti akuteteza injini. Ya galimoto yangayi imatseguka pa madigiri 82, ndipo ikasowa madzi amangozungulira mu redieta, injini osafunda. N'chifukwa chake potsetsereka muvi wa geji ya kutentha kwa injini unkagona pansi, ndipo petulo ankatha msanga.

Gwirani mapaipi aja. Onse akatentha, madzi akuyenda bwino, vuto lili m'dashibodi, mwina kawaya kotsegula kachitseko ka mphepo yotentha kaduka. Imodzi ikatentha ina n'kuzizira, karedieta katsekeka. Onse akakhala ofunda pang'ono chabe, ganizirani za thermostat kapena madzi ochepa.

Karedieta kanga kanali kotsekeka ndithu. Tinathira madzi a payipi mobwerera, osati mwamphamvu poopa kukaphulitsa, ndipo zimene zinatuluka zinali ngati phala la mawere, dzimbiri lokhalokha. Amenewo ndi madzi a pa mjigo amene galimotoyi yakhala ikumwa zaka zonsezi. Gulani coolant, madzi apadera oziziritsira injini amene amateteza ku dzimbiri, mtengo wake sufika wa karedieta katsopano, komanso kukasintha amamasula dashibodi yonse.

Ndatsala pang'ono kuiwala: ngati nanunso mwapeza mapaipi atazulidwa, musanawalumikizenso dzifunseni kuti anawadulirenji. Nthawi zambiri amatero karedieta kakaboola. Mukamva kafungo kotsekemera m'galimoto, galasi n'kumachita nthunzi yamafutamafuta yosapukutika bwino, kapeti ya kutsogolo n'kumanyowa, ndiye kuti kakudontha. Ife tinayala nyuzipepala pansipo n'kuisiya injini ikulira, ndipo inakhala youma.

Mukathira coolant, chotsani mpweya. Imikani galimoto mutu uli chokwera, tsegulani chitsekerero cha redieta injini ili yozizira, ikani hita potentha penipeni, ilire mpaka thovu litasiya. Chitsekererocho musachikhudze injini ili yotentha, anthu apsa nkhope nacho.

Za nthunzi palinso tizinthu tina. Batani lija la muvi wozungulira mkati mwa galimoto lizimitseni kuti muzilowa mpweya wa kunja, apo ayi mukungozunguza mpweya umene mwapuma nokha. Lozetsani mphepo kugalasi, yatsani AC ndi hita pamodzi, sizilimbana ayi. Matumba onyowa ndi makapeti amatope muziwatulutsa aume padzuwa, ndipo galasi muzilitsuka mkati ndi kansalu koyera, chifukwa lakuda ndi limene limagwira nthunzi msanga.

Thermostat yatsopano ndinaitanitsa ku Lilongwe kudzera kwa mlamu wanga amene amaoloka pa Dedza. Mukamagula yanu tengani nambala ya injini, ndipo muumirire kuti akupatseni pamodzi ndi kamphira kake.